Matope a ku Pisiga

Delmar anali atamaliza kupala nsapato yakumanzere, ndipo anali pakati pa yakumanja, pamene mlongo wake Vernice anatulukira pakhonde. Anali atakhala pa sitepe, mpeni wa m'khitchini uli m'manja, matope ofiira ouma akugwera pa nyuzipepala imene anayala pansi.

"Achimwene, mukutani?"

"Sukuona? Munthu akaikidwe ndi nsapato zangati wachokera kudimba?"

Vernice anatsomphola nsapatoyo mwamphamvu moti mpeni unagwera pansi.

"Wakutumani ndani?"

"Ndiyambe ndatumidwa kuti ndipukute nsapato za bambo anga?"

Ife azimayi a mpingo wa Pisiga tinali m'khitchini, tikukazinga nkhuku za anthu odzakhuza maliro, ndipo tinangoyang'anana. Mwanayo sankadziwa. Akanadziwa bwanji, munthu woti anathawira ku Chicago ndevu zisanamere, n'kumabwera kuno ku Mississippi pa Khirisimasi mwa apo ndi apo, kugona masiku awiri akudandaula udzudzu?

Msewu wathu uli chonchi. Tala amachokera m'tauni bwinobwino, kudutsa nyumba za azungu, n'kukathera pa geti la mzungu womaliza ngati wachita kudulidwa ndi mpeni. Kuchokera pamenepo mpaka ku tchalitchi chathu, ndi kupitirira uko, ndi katondo yekhayekha. Dzuwa likawala timadya fumbi, mvula ikagwa timasambira m'phala. Msonkho timakhoma limodzi ndi azunguwo, koma tala amadziwa khungu.

Ndiye a Lucius Gatewood, bambo a Delmar ndi Vernice, amene anatisiya Lachitatu sabata imeneyo, anali ndi kachitidwe kawo. Lolemba loyamba la mwezi uliwonse makhansala asanu a boma lathu, azungu okhaokha, amakumana m'nyumba ya khonsolo. A Lucius ankavala suti yakuda, tayi, chipewa ndi nsapato zimenezi, n'kuyenda pansi msewu wonse osalambalala chithaphwi ngakhale chimodzi. Ngakhale m'chilimwe, pa dambo la pakati pa njira pamakhala matope, ndipo ankapondapo dala. Pakhomo la khonsolo pali chiguduli chopukutira mapazi. Ankachidumpha. Ankalowa, n'kuyenda pansi ponyezimira paja mpaka patebulo la makhansala, kuvula chipewa, n'kunena mawu amodzimodzi mwezi ndi mwezi: "Mabwana, ndabwera ndi msewu wa ku Pisiga kuti muuone."

Anawatsekerapo m'chitokosi chifukwa chodetsa nyumba ya boma. Kufakitale ya thonje anawakanira thonje lawo chaka china, mpaka linaolera m'ngolo. Vernice anamuchotsa uphunzitsi popanda chifukwa. Koma Lolemba loyamba likafika, nsapato zomwezo, matope omwewo. Nsapatozo sizinalawepo polishi.

Vernice anafotokoza zimenezi nsapato ataikumbatira pachifuwa. Delmar anamvetsera, kenako anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Zaka zonsezo, chinasintha n'chiyani? Ndabwera dzulo, basi yanditsitsa pa tala, ndayenda m'matope omwe aja ndinawasiya. Ndipo tandiuza, aphunzitsi, matopewo ankakolopa ndani? Khansala Rusk? Unaonapo mzungu atagwira mopu m'nyumba imene ija? Anali munthu wakuda mnzathu, atawerama, akupukuta ukali wa bambo athu. Ndiye mukuti kumenyera ufulu kumeneko?"

Funso limenelo Vernice anali asanadzifunsepo, ndipo kunena zoona ngakhale ife m'khitchinimo tinali tisanaliganizirepo.

Mayi awo, Mayi Ozella, anatuluka atavala zakuda. Anatenga nsapato zonse ziwiri, nayang'ana yoyera ija nthawi yaitali, kenako inzake yotsala theka.

"Kaziikeni pansi pa bedi," anatero. "Bambo anu apita ndi zina. Izi n'zantchito."

Vuto lenileni linali mvula. Inayamba tsiku limene a Lucius anamwalira ndipo sinakate. Lachisanu m'mawa, eni nyumba yosungira maliro m'tauni anatumiza uthenga kuti galimoto yawo idzabweretsa thupi mpaka pothera tala basi, chifukwa pa dambo paja ngakhale thirakitala inali itatitimira. Maliro anali a Loweruka. Manda anali asanakumbidwe, chifukwa amuna akakumba pang'ono dzenje linkadzaza madzi.

Masana a Lachisanu lomwelo tinamva galimoto ikubangula m'matope. Inali ya boma, ya matayala akuluakulu, ndipo munatuluka Khansala Carlton Rusk mwiniwake atanyamula ntchafu ya nkhumba yowamba. Mtsikana wina amene ankasenda mbatata anagwetsa mbale.

Kwathu kuno khansala ndiye mwini katapila, chigalimoto chokumba nthaka chija. Mzungu akamwalira, khansala wa dera amatumiza katapila wa boma kukakumba manda, ndi lole ya miyala kukathira njira yakumanda. Banja limathokoza, ndipo limamukumbukira tsiku lovota. Ndi mwambo wakalekale, Rusk anaupeza kwa bambo ake. Kwa ife katapilayo anali asanabwereko chikhalire, manda athu timakumba ndi fosholo. Koma tsopano malamulo anali atasintha, anthu akuda tinali titayamba kuvota, m'dera la Rusk tinalipo ambiri kuposa azungu, ndipo chisankho chinali mwezi wotsatira. Mwadzidzidzi katapila anadziwa njira ya ku Pisiga.

Rusk anaima pakhonde chipewa chili kumutu.

"Ozella, pepa ndi zovutazi. Lucius anali mnyamata wabwino. Wovuta, koma wabwino."

Mnyamata! Munthu wa imvi mutu wonse, woti Rusk akubadwa iye anali atayamba kale kulima ndi bulu.

"Ndamva za vuto la msewu," anapitiriza, akuika nyamayo pa mpando. "Mawa m'mamawa nditumiza malole a miyala, galimoto ya maliro idutsa bwinobwino. Katapila akumba manda. Simulipira kanthu. Ine ndidzangobwera kutchalitchi, ndikhale kutsogolo, ndiyankhulepo mawu awiri atatu. Anthu aone kuti zakale zinatha."

"Zikomo, bwana," anatero Delmar mofulumira. "Tipatseni kanthawi tikambirane."

Rusk anabwerera kugalimoto yake kukasuta. Atatuwo analowa pabalaza, ndipo chitseko cha khitchini ife sitinatseke.

"Mwati zikomo?" anayamba Vernice. "Mwamuuza munthu ameneyu kuti zikomo bwana, pakhonde la bambo?"

"Khala pansi, iwe. Bambo ankafuna chiyani zaka zonsezi? Miyala pamsewu. Lero miyala yabwera yokha pakhomo, ndiye tiikane? Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

"Akugula maliro! Akufuna adzaime pamwamba pa bokosi la bambo, anthu onse akuona, adzati ngakhale a kwa Gatewood anagwirana naye chanza. Akatero apambananso, ndipo tidzamuonanso pakatha zaka zinayi."

"Aime, ayankhule, atope, apite. Mawu amauluka, miyala imatsala. Iwe ukuganiza za ulemu wa munthu wakufa, ine ndikuganiza za mayi woyembekezera amene adzafune kuchipatala mvula ikugwa."

"Mwayamba liti kuganiza za anthu a kuno? Inu amene munathawa?"

Delmar anaimirira, ndipo mawu ake anasintha.

"Ndinathawa, eya. Ukudziwa chimene ndinathawa? Iwe unali wamng'ono, anakusiya kunyumba. Ine ndinalipo pa dambo paja. Bambo ali pa chiwongolero, ine ndikukankha galimoto matope akulekeza m'mawondo, amayi ali kumbuyo ndi Loretta pamiyendo akubanika. Ndinakankha mpaka kusanza. Kenako amayi anatsegula windo n'kunena kuti, basi mwanangu, leka. Ndiye usandiphunzitse za msewu umenewu. Tsiku limene lija pakanakhala miyala, kaya yochokera kwa Satana amene, Loretta bwenzi lero ali ndi ana ake."

Loretta anali chitsiriza chawo, anamwalira ndi chifuwa chobanika asanayambe n'komwe sukulu, ndipo mwezi wotsatira ndi pamene a Lucius anayamba ulendo wawo wa Lolemba. Ine ndimakhala kumbali ya Vernice pa chilichonse, koma apa ndinaona kuti mnyamatayo sankanena zopusa.

Mayi Ozella anali atakhala pa mpando wa amuna awo, manja ali pamiyendo. Anadzuka pang'onopang'ono, nakonza mpango wawo, natuluka. Ana awo anawatsatira. Ifenso tinasiya nkhuku pamoto.

"A Rusk," anaitana ali pakhonde. "Tabwerani."

Rusk anataya ndudu, nabwera akumwetulira.

"Miyala yanuyo ikafika pati?"

"Mpaka pa tchalitchi."

"Nanga kuseri kwa tchalitchi? Msewu sumathera pamanda. Kuli mabanja uko mpaka kumtsinje."

"Pang'onopang'ono, Ozella. Zonse sizingatheke tsiku limodzi."

"Ndipo ikubwera m'dzina la ndani? La khonsolo kapena lanu?"

"Ndi mphatso yanga kwa banja lako."

"Mphatso." Mayi Ozella anagwedeza mutu. "Kupatsa n'kuika, a Rusk, zimenezo timazidziwa. Mwamuna wanga anabwera kwa inu mwezi ndi mwezi mpaka tsitsi kuyera. Munamumvapo akupempha mphatso? Ankalonjerera zake. Miyalayo si yanu, katapilayo si wanu. Munali nazo tsiku limene mwana wanga anafera m'manja mwangamu, munali nazo mwezi watha pamene Lucius anaima pamaso panu inu mukuwerenga nyuzipepala. Lero wafa ndiye mwapeza makiyi? Ngati msewuwu ndi woyenera miyala, mukanene Lolemba patebulo paja, mukweze manja anthu akuona, ndipo ukhale msewu wonse. Koma pa maliro a mwamuna wanga simudzayankhulapo. Anakuyankhulani zaka zonsezi inu osayankha. Mawa ndi tsiku lanu lokhala chete."

Nkhope ya Rusk inafiira mpaka m'makutu.

"Ukudziwa chimene ukukana, Ozella? Ndiye mudzamusenza pamapewa."

"Tidzamusenza. Ndipo dzina langa ndine Mayi Gatewood. Vernice, apatse nkhumba yawo."

Vernice sanadikire kuuzidwa kawiri. Rusk anaponya nyamayo kumbuyo kwa galimoto, nailiza mwaukali, matayala akumwaza matope mpaka pa maluwa a pakhomo. Delmar anayang'ana amayi ake ngati sakuwadziwa.

"Amayi, mwawapha anthu ndi kunyada kumeneku."

"Kapena," anatero Mayi Ozella. "Pita ukathandize anzako kumanda. Fosholo ya bambo ako ili kuseri."

Anapita, koma anapita atakwiya. Amuna anakumba madzulo onsewo, ena akukumba, ena akukapa madzi ndi zidebe.

Loweruka galimoto ya maliro inaima pothera tala monga ananenera. Mvula inali itasanduka yowaza. Pakhonde la nyumba yomaliza ija panakhala azungu ndi makapu a khofi, akuonerera ngati kukudutsa zisudzo. Amuna athu anatulutsa bokosi, naliika pamapewa, Delmar ali kutsogolo kumanja, atavala nsapato zake zonyezimira za ku Chicago. Phazi loyamba kuchoka pa tala, nsapato inalowa yonse.

Tinayenda tikuimba, koma kuimba kwake kunali kwa mano olumana. Azimayi okalamba ankagwirana manja kuti asagwe. Madiresi athu oyera a mpingo anasanduka ofiira mpaka m'mawondo. Amuna ankasinthana, koma Delmar anakana kuchoka pamalo pake. Vernice ankayenda pambali pake, ndipo ndinamva Delmar akumulankhula chapansipansi.

"Wasangalala? Ndi zimene umafunazi?"

"Senzani bambo anu, achimwene."

Titafika pa dambo paja matope anameza nsapato yake imodzi, ndipo pofuna kuzula phazi anagwada bondo limodzi. Bokosi linapendekeka. Azimayi tinakuwa. Vernice analumphira m'matopemo, nalowetsa phewa lake pansi pa bokosi, ndipo kwa kanthawi awiriwo analisenza limodzi, wina atagwada, wina atawerama. Delmar sanadzuke msanga. Ankayang'ana madzi ofiira amene anali atamuzungulira.

"Panali pano," anatero. "Pano penipeni."

"Ndikudziwa," anatero Mayi Ozella kumbuyo kwake. "Bambo ako ankaponda pomwepa mwezi uliwonse. Ukuganiza kuti matope amene ankapita nawo kwa makhansala anali a paliponse? Dzuka, mwanangu."

Delmar anadzuka. Nsapatoyo sanaifunefune. Anamaliza ulendo wonse phazi limodzi lili ndi sokosi yokha, misozi ikutsika, nsagwada zitalimba. Tinawaika a Lucius pafupi ndi Loretta, m'manda okumba ndi manja, ndipo pa mwambo wonsewo panalibe mzungu woyankhula.

Basi ya ku Chicago inkanyamuka Lolemba m'mawa, ndipo Lolemba limenelo linali loyamba la mwezi. Vernice atadzuka anapeza chikwama cha mchimwene wake chili chomangamanga pakhomo, koma mwiniwake atagwada m'chipinda cha makolo awo, akusuzumira pansi pa bedi. Anatulutsa nsapato zija, ina yoyera, ina yotsala theka. Zinali zazikulu kwa iye. Anazipakira nyuzipepala kutsogolo, nazimanga zingwe.

"Basi ikusiyani," anatero Vernice.

"Ilipo ina Lachitatu."

Sitinapangane, koma titafika pa dambo tinapezeka tili gulu. Amene anasenza bokosi, amene anakapa madzi m'manda, ife a m'khitchini, ndi a kuseri kwa tchalitchi amene anamva zimene Mayi Ozella anawanenera. Aliyense anaponda pamalo paja. M'tauni anthu ankatuluka m'masitolo kudzationa. Pakhomo la khonsolo Delmar anayang'ana chiguduli chopukutira mapazi chija, nachidumpha, ndipo tonse tinachidumpha.

Makhansala asanu anali patebulo lawo. Pansi ponyezimira paja panasanduka ngati khola. Delmar anakaima kutsogolo, navula chipewa.

"Mabwana, ndabwera ndi msewu wa ku Pisiga kuti muuone."

Wapampando anayang'ana Rusk. Rusk ankayang'ana denga.

"Nkhani imeneyo tidzaiona nthawi yake ikakwana," anatero wapampando. "Tipite pa mfundo ina."

Basi. Ndi zimene ankawayankha a Lucius, mawu ake omwewo, osasintha ngakhale limodzi. Sindikunamizani kuti tinapambana tsiku limenelo. Miyala sinabwere, manja sanakwezedwe, ndipo ine ndinatuluka m'menemo mtima ukuwira. Chokhacho n'chakuti potuluka makhansalawo anasowa popondapo. Anadutsa m'matope athu akunyang'ama, atakweza mathalauza, Rusk ali pakati, akutiwerenga ndi maso mmodzimmodzi monga munthu amene wakumbukira kuti mwezi wa mawa kuli chisankho.

Anthu anabalalika. Ine ndinatsalira pakhomo ndi Mayi Ozella ndi Vernice, tikudikira Delmar, amene anali ataima yekha pakati pa chipindacho. Kenako chitseko cham'mbali chinatseguka, ndipo munalowa Mayi Essie Boyd, amene akhala akusesa m'nyumba ya khonsolo kuyambira ine ndili mtsikana. Ankakoka chidebe, msana utapindika, mopu ili m'manja. Anaima nayang'ana pansi ponsepo.

Delmar anachita manyazi mpaka kusowa poyang'ana. Anayang'ana Vernice, ndipo Vernice anazolika, chifukwa funso lija la wokolopa matope linali litabwera lokha ndi chidebe chake.

"Pepani, amayi," anatero Delmar. "Takudetserani kwambiri."

Mayi Essie anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

"Ndiwe wa Lucius?"

"Eya, amayi."

"Ndiye ukudikira chiyani?" Anamupatsira mopu ija. "Bambo ako ankakhala pa benchi apo mpaka onse atuluke, aponde, aone. Akapita, ankavula jekete n'kukolopa yekha. Ine sankalola kuti ndigwire ngakhale chidebe. Ankati, Essie, matopewa ndabweretsera iwo kuti aone, osati iwe kuti uwerame." Anakhala pa benchipo akuusa moyo, natambasula miyendo. "Koma ankadetsa yekha. Inu mwabwera mpingo wonse, ndiye uchedwa."

Vernice anatembenukira kwa amayi ake.

"Amayi, mumadziwa?"

"Nanga umati ankachedwa kuti Lolemba loyamba lililonse?"

Delmar anavula jekete, naipachika pa mpando wa wapampando, napinda mikono ya malaya. Atatsala pang'ono kuviika mopu m'chidebe, Mayi Essie anamuimitsa ndi chala.

"Nsapato kaye. Ankavula n'kuziika panja, kuti zisanyowe. Ankati matopewo adzawafunanso mwezi wa mawa."

Delmar anamasula zingwe, nanyamula nsapatozo mosamala kuti pasagwe kanthu, nakaziika pakhonde, pambali pa chiguduli chija. Anabwerera ndi masokosi okha, nayamba kukolopa kuchokera patebulo la makhansala. Vernice anavula zake, nanyamula chidebe.